Kodi Makina Angakhale ndi Mzimu?



M'chaka cha 1950 katswiri wa masamu wa ku England, Alan Turing, adafunsa ngati makina angathe kuganiza. Mu 1997 kompyuta yotchedwa Deep Blue idagonjetsa Garry Kasparov, amene anali wopambana onse pa maseŵera a chess. Lero makina akuyankha mafunso ndi kulemba makalata monga munthu wophunzira. Tsono ena akuti munthu ndi ubongo chabe, ndipo ubongowo ndi makina.

Tisakane zimene madokotala apeza. Mu ubongo mwathu muli timaselo pafupifupi mabiliyoni 86 totumizirana mauthenga. Mu 1848, ku America, chitsulo chidaboola mutu wa Phineas Gage, kapitawo wa ntchito ya njanji. Sadafe ai, koma omdziŵa adaona kuti khalidwe lake lasintha.

Eklezia sadabwa nazo zimenezi. Pa Msonkhano wa ku Vienne mu 1312 adaphunzitsa kuti mzimu ndiwo umapatsa thupi moyo ndi umunthu. Mzimu si mlendo wogona m'nyumba ya eni; thupi ndi mzimu ndi munthu mmodzi. N'chifukwa chake ubongo ukavulala, maganizo amasokonezeka. Koma mzimuwo suphuka m'mnofu: amaulenga ndi Mulungu mwini.

Nanga makina? Inu akatekisti mumamdziŵa mwana amene amayankha katekisimu yense pamtima, chikhalirecho tanthauzo silidamloŵe. Mwanayo tsiku lina adzamva, pakuti ali ndi mtima. Makina angathe kulemba mau akuti "ndalapa", koma alibe chikumbumtima chowatsutsa. Chikalata cha ku Vatican cha mu 2025, Antiqua et Nova, chidatichenjeza kuti nzeru zopangazi tisaziyese zofanana ndi nzeru za munthu.

Abale athu, nkhaniyi yafika m'makomo mwathu. Taganizani za agogo amene adwala matenda a ubongo, naiŵala ngakhale maina a ana awo. Munthu akadakhala ubongo chabe, bwenzi agogowo ali ngati wailesi yakufa yongoponya kuseri kwa chitseko. Koma iwo akadali chifaniziro cha Mulungu, amene saiŵala dzina lawo. Choncho tiwasambitse, tiwamwetse phala, tiwaitanire wansembe adzawadzoze mafuta oyera, ndipo tiziwalonjera mwaulemu ngakhale asatizindikire.

Mulungu atithandize kutero. Amen.