MASEWERA NDI NZERU ZA MWANA WA SUKULU

(Mau okambidwa pa Msonkhano wa Pachaka wa Bungwe, pa Boma la Mwanza)



Nkhani ya lero ndi ya bwalo la masewera, malo amene ambiri amawayesa achabe pa sukulu. Chiyambire chaka cha 1994, pamene Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ana anachuluka koposa, koma malo ku sekondale ndi ochepa. Chifukwa chake mayeso a Sitandade 8 asanduka khomo lopapatiza. Pofuna kuti ana apyole khomolo, aphunzitsi ena amachotsa nthawi ya masewera ndi kusunga ana m'kalasi kuyambira m'mawa kufikira madzulo, ndipo makolo amayamikira. Cholinga chao nchabwino, koma njirayo imalanda mwana chinthu chimene chikadamthandiza kukhoza.

Ubongo ndi kanthu kochepa. Pa kulemera kwa munthu wamkulu uli ngati magawo 2 mwa 100, komatu umatha magawo 20 mwa 100 a mphamvu zimene thupi lipeza m'chakudya. Chakudyacho, pamodzi ndi mpweya, chimafika ku ubongo ndi magazi. Tsono mwana akathamanga, mtima umagunda msanga, magazi amayenda bwino, tulo timachoka m'maso, ndipo pobwerera m'kalasi amatchera khutu.

Zimenezi zinayesedwa ndi anthu ophunzira. M'chaka cha 1999, pa Salk Institute ku America, Henriette van Praag ndi anzake anapatsa mbewa kagudumu kothamangamo, zina nazisiya zopanda. Anapeza kuti mu ubongo wa mbewa zothamanga munabadwa maselo atsopano ochuluka m'chigawo chotchedwa hippocampus, chimene chithandiza kukumbukira zinthu. Ndiponso mbewazo zinaphunzira njira msanga kuposa zinzake.

Wina anganene kuti mwana si mbewa, ndipo wanena zoona. Koma m'chaka cha 2009, pa yunivesite ya Illinois, Charles Hillman ndi anzake anayesa ana a zaka 9 ndi 10. Tsiku lina anawo anayenda mwandawala mphindi 20, tsiku lina anangokhala pansi, ndipo masiku onse awiri anapatsidwa mayeso. Tsiku limene anayenda anakhoza bwino kuwerenga ndi kumva zowerengazo, ndipo maganizo ao sanabalalike msanga. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, m'malangizo ake a 2020 linati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azigwiritsa thupi lake ntchito mwamphamvu ndithu mphindi 60 pa tsiku.

Pano kholo la ku Thambani kapena kwa Nthache lingafunse kuti: kodi mwana amene wakwera zitunda popita ku sukulu, amene atunga madzi ndi kusenza dengu la manachesi, asowanso kuthamanga? Funsoli nlabwino. Ntchito imalimbitsa thupi ndithu, koma posenza katundu mutu sukhala ndi choganiza. Pa mpira, pa fulaye ndi pa jingo mwana ayenera kupenyetsetsa, kuwerenga, kudikira nthawi yake, kusunga lamulo ndi kusankha chochita mwamsanga. Makhalidwe amenewa ndi omwewo afunika pa masamu.

Koma pasakhale wonamizidwa. Masewera salowa m'malo mwa mphunzitsi, buku kapena chakudya. Kuthamangitsa mwana amene wachoka kwao wosalawa kanthu ndiko kumzunza. Nchifukwa chake phala la pa sukulu, monga lija bungwe la Mary's Meals linayamba kupereka m'Malawi m'chaka cha 2002, liyenera kutsogola, masewera natsatira pambuyo.

Potero Bungwe lino lipemphedwa kuchita zinthu zinai. Choyamba, Mafumu ndi makomiti a sukulu ateteze mabwalo kuti asalimidwe kapena kumangidwapo nyumba. Chachiwiri, aphunzitsi aakulu apemphedwe mwaulemu kuti nthawi ya masewera isachotsedwe, ngakhale m'Sitandade 8. Chachitatu, makolo aone kuti mwana walawa kanthu m'mawa, ngakhale mbatata imodzi. Chachinai, atsikana, amene ntchito za pakhomo zimawadyera nthawi, apatsidwe mpata wosewera mofanana ndi anyamata.

Zonsezi sizilira ndalama zambiri, pakuti chingwe ndi mpira wachikulunga zipezeka m'mudzi uli wonse. Chisowa ndi mtima wakuvomera kuti mwana wothamanga pa bwalo sali kutaya nthawi. Akulu akale anati m'mera mpoyamba. Tsono ntchitoyi iyambe ndi ana a Sitandade 1.