Kugwira Ntchito Mosawononga

Galimoto zimene zimanyamula kachewere ku Tsangano ndi fodya ku Macanga zili ndi mbiri yake. Tiyeni tiimve.

Kale galimoto inkapangidwa itaima pamalo amodzi. Mu 1913, ku America, Henry Ford anayambitsa mzere woyenda. Galimoto inkadutsa, wantchito aliyense nkuikapo chitsulo chake. Ntchito ya maola 12 inayamba kutha m'mphindi 93. Mtengo wa galimoto unatsika. Koma kubwereza chinthu chimodzi tsiku lonse kunkatopetsa, ndipo ambiri ankasiya ntchito. Mu 1914 Ford anakweza malipiro kufika madola 5 pa tsiku.

Ku Japan, nkhondo itatha mu 1945, kampani ya Toyota inalibe chuma choseweretsa. Taiichi Ohno anaphunzitsa antchito kupanga zofunika zokha, pa nthawi yake. Wantchito akaona cholakwika, ankakoka chingwe, mzere nkuima.

Nanga ife tiphunzirapo chiyani? Tisakumbe kachewere tisanadziwe tsiku lobwera galimoto, angationongekere. Posankha fodya, tsamba lankhungu tilichotse pomwepo, lisanalowe m'belo. Nkhungu ikafalikira, mtengo umagwa, thukuta la chaka chonse nkupita pachabe.