Mphatso ya Mlendo ndi Kontena Yobwerera

Ndikulankhula nanu kuchokera kuno ku Kaning'ina, mumzinda wa Mzuzu, kumene nkhungu imachedwa kuchoka pamitengo ngakhale dzuwa litakwera. Lero ndifuna tikambirane za alendo athu a mtundu wa Chitchaina, makamaka amayi amalonda, za mphatso zimene alendowa amapereka, ndiponso za malonda a pakati pa dziko lawo ndi lathu.

Mukalowa m'masitolo ena a m'tauni muno mudzapeza mayi wa ku China atakhala pafupi ndi kabati ya ndalama, akuwerengera makobidi ndi kulankhula Chitumbuka kapena Chichewa chothyokathyoka. Mayi ameneyu anasiya abale ake kutali, tsidya la nyanja, nadza kudzafuna chuma monga momwe ana athu amapitira ku Johannesburg. Ena a ife timamuyamika chifukwa cha katundu wotsika mtengo; ena timamuyang'ana ndi diso lofiira poganiza kuti watilanda msika. Tisanamuweruze, tiyeni tiyambe taona kumene ubale umenewu wachokera.

Kuyambira mu 1966 dziko la Malaŵi linali pa ubale ndi boma la pachilumba cha Taiwan. Chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 2000, chinamangidwa ndi thandizo la boma limenelo, ndipo madokotala a kumeneko anagwiramo ntchito yotamandika, makamaka posamalira anthu odwala Edzi. Koma pa 28 Disembala 2007 boma lathu linapanga ubale ndi boma la ku Beijing, ndipo nkhaniyi italengezedwa mu Januwale 2008, madokotala aja analongedza katundu wawo napita. Odwala amene anazolowera nkhope zawo anatsala ali manja m'khosi. Pambuyo pake kunadza madokotala ena ochokera ku China, ndipo ubale watsopanowo unatibweretsera nyumba ya malamulo ya ku Lilongwe mu 2010, msewu wa tala wa Karonga-Chitipa, sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo mu 2014, ndi bwalo la masewero la Bingu mu 2017. Zonsezi n'zofunika kuthokoza. Komabe anthu a kuno ku Mzuzu anaona ndi maso awo kuti akuluakulu sananame ponena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mphatso ya boma imayenda ndi mphepo ya ndale.

Pali kupatsa kwina kumene sikudikira maboma. Mu 1966, ku Hualien pachilumba cha Taiwan, mayi wina wa chipembedzo cha Chibuda, dzina lake Cheng Yen, anapempha amayi apabanja 30 kuti tsiku lililonse asanapite kumsika aziponya kakobidi kamodzi m'chibowo cha nsungwi. Kakobidiko kanali kothandizira osauka. Umo ndi momwe linabadwira bungwe la Tzu Chi, limene anthu amalonda a ku Taiwan okhala ku South Africa analifikitsa kuno kum'mwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1990. Namondwe wa Idai atasakaza mu Malichi 2019, bungweli linapereka chakudya ndi kumanga nyumba ndi sukulu kwa anansi athu a m'chigawo cha Sofala ku Mozambique. Amayi athu a m'mabanki a m'mudzi ndi a m'magulu a kumpingo sangadabwe ndi nkhani imeneyi, pakuti nawonso amadziwa kuti kupatsa n'kuika.

Tsono funso nali: kodi mphatso ingalowe m'malo mwa malonda achilungamo? Anthu a ku Karonga anayankha funsoli mu 2012. Amalonda a kumeneko, amayi ndi abambo, anadandaula kwa akuluakulu a boma kuti masitolo a alendo a ku China akuwaphera bizinesi pogulitsa zinthu zomwezo pa mtengo umene iwo sakanaufikira. Kuyambira pa 31 Julayi chaka chomwecho, boma linalamula kuti amalonda akunja azichitira malonda awo m'mizinda inayi yokha: Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Mayi amene amakwera basi usiku, nawoloka pa Songwe kukapikula zitenje ku Tanzania kuti adzagulitse pa msika wa Taifa, safuna thumba la ufa la pa Khirisimasi. Iye afuna kuti malonda ake ayende, ana ake apite kusukulu.

Chimene chimatipweteka kwenikweni si mayi wa m'sitolo uja ayi. Vuto lili pa sikelo: zimene timagula ku China n'zochuluka kwabasi poyerekeza ndi zimene timagulitsa kumeneko. Makontena amadza odzaza ndi nsapato, mapoto, matelefoni ndi njinga zamoto, koma ife tiikamo chiyani pobwerera?

Pamenepa tiphunzirepo pa mayi wina wa ku China amene analemerera kunja kwa dziko lake, Zhang Yin. Mayiyu anayamba kugula mapepala otha ntchito ku Hong Kong mu 1985, ndipo mu 1990 anasamukira ku Los Angeles ku America. Kumeneko anaona zinthu ziwiri. Choyamba, anthu a ku America anali kutaya mapepala ndi makatoni ochuluka zedi, pamene mafakitale a kwawo ku China anali kusowa zopangira mabokosi. Chachiwiri, zombo zobweretsa katundu kuchokera ku China zinali kubwerera ndi makontena opanda kanthu, motero mtengo wotumizira katundu pa ulendo wobwererawo unali wotsika. Iye anadzaza makontenawo ndi zinyalala za mapepala, nakhazikitsa kampani ya Nine Dragons Paper yopanga makatoni, ndipo pofika mu 2006 anatchulidwa kuti ndiye munthu wolemera koposa onse ku China. Chuma chake chinachokera m'kontena imene ena onse anali kuiona ngati chibokosi chabe.

Mwayi wotere uli pakhomo pathu. Kuyambira pa 1 Disembala 2024 dziko la China linachotsa msonkho wa pachipata pa katundu yense wochokera m'maiko osaukitsitsa amene lili nawo pa ubale, ndipo Malaŵi ali m'gulu limenelo. Ife tili ndi khofi wa ku Misuku ndi ku Phoka, tiyi ndi makademiya a ku Kawalazi, mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, soya ndi mtedza wa m'chigawo cha pakati. Koma kuchotsa msonkho sikutanthauza kuti ogula adzalandira chilichonse. Mtedza wa chuku adzaubweza. Katundu wopanda chiphaso chosonyeza kuti anayesedwa sadzadutsa padoko. Ndiponso kontena imodzi yaing'ono imalowa matumba a khofi 320 a makilogalamu 60, amene mlimi mmodzi sangawakwanitse. Mutu umodzi susenza denga; n'chifukwa chake alimi a khofi a kuno kumpoto anagwirizana m'makopaletivu awo, ndipo alimi a mbewu zina ayenera kutsanzira.

Kwa inu amayi a ku China amene muli pakati pathu, mawu anga ndi awa: mphatso zanu kwa ana amasiye ndi kwa ovutika ndi madzi osefukira tikuzilandira ndi manja awiri. Koma mphatso yoposa zonse ndiyo kulipira antchito anu malipiro oyenera, kukhoma msonkho, kuphunzitsa mtsikana wa pakauntala kasungidwe ka mabuku, ndi kuuza abale anu kwanu zimene Malaŵi ali nazo zogulitsa. Kwa inu amayi a kuno kwathu: mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'malo mongomunena kumbali, m'funseni kumene amapikula, mtengo wa kontena, ndi zimene anthu a kwawo amakonda kudya.

Mphatso timathokoza lero, mawa yatha. Ubale wa maiko awiri umakhalitsa pamene onse ali ndi chogula ndi chogulitsa. Mukadzaona galimoto ya kontena ikutsika ku Chiweta kulunjika ku Songwe, mudzadzifunse ngati muli thukuta la m'munda mwanu m'menemo.