Kujambula Maluwa ndi Utoto wa Madzi

Mwezi wa Seputembala ukafika, mitengo ya jakaranda ya m'miseu ya Lusaka imabvala maluwa ace, ndipo anthu ocokera kutali amaima kuti aiyang'ane. Koma munthu wa ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mtendere safunika kukwera basi kuti akaone duwa lokongola. Kuseri kwa nyumba, pamene amai amataya madzi otsukira mbale, pamamera dzungu, mbatata ndi delele, amene ena amati therere. Zonsezi ziri ndi maluwa, ndipo nkhani ya lero ikunena za kuwajambula ndi utoto wa madzi.

Utoto umenewu ndi ufa wa mitundu-mitundu wosakanizidwa ndi utomoni wa mitengo ya minga, ndipo utomoni wambiri ucokera ku dziko la Sudan. Madzi akauma, utomoniwo umamata ufa uja pa pepala. Utoto wotere suphimba pepala monga penti wa pa cipupa ai, koma kuyera kwa pepala kumaonekerabe pansi pace. Cifukwa cace pali malamulo awiri. Loyamba ndi lakuti malo ofunika kuyera asiyidwe osapaka kanthu. Laciwiri ndi lakuti wojambula ayambe ndi mitundu yowala, natsirize ndi yakuda, pakuti utoto wowala sungathe kubisa wakuda.

Zipangizo zace si zambiri. Kabokosi ka utoto ka ana a sukulu ndi kokwanira poyamba, pamodzi ndi maburashi awiri, mbale yoyera yosakanizirapo, kansalu, ndi zitini ziwiri za madzi, cina cotsukiramo burashi, cina ca madzi oyera. Cimene cimabvuta ndi pepala. La m'buku la kusukulu limakwinyika likanyowa. Akatswiri amakonda pepala locindikala, lolemera magalamu 300 pa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Wosalipeza anyowetse pepala limene ali nalo, alimate m'mbali monse pa thabwa ndi tepi ya pepala, ndipo likauma lidzakungika ngati cikopa ca ng'oma.

Duwa la delele ndi mphunzitsi wabwino. Liri ndi timasamba tisanu tacikasu cowala, ndipo pakati pace ndi pofiira moderapo. Njira yoyamba ndiyo kujambula pa pepala lonyowa. Wojambula amapaka madzi okha pamene pakhale kasamba, nakhudzapo ndi burashi ya utoto wacikasu, ndipo utotowo umayenda wokha kufikira pamene madzi alekezera. Pepala likali kunyezimira, amadontheza kautoto kofiira pakati, ndipo kamafalikira pang'ono monga momwe ziliri pa duwa leni-leni. Apa nthawi ndiyo mfumu. Madzi akacuruka, kufiira kumadzaza duwa lonse. Pepala likayamba kuuma, dontho limasiya banga la m'mphepete mokhakhala.

Njira yaciwiri ndiyo kujambula pa pepala louma. Pamenepo utoto umakhala pomwe burashi yauika, ndipo mizere imaturuka yakuthwa. Iyi ndiyo njira ya mitsempha ya tsamba, phesi, ndi m'mphepete mwa duwa.

Njira yacitatu ndiyo kusanjikiza. Utoto wina umapakidwa pamwamba pa unzace umene wauma kale. Wabuluu wopyapyala pamwamba pa wacikasu umabala mtundu wa msipu woyenera masamba. Koma wapansiwo ukakhala wosauma, iwiriyo imabvundukana nisanduka matope. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo anthu ambiri amaononga cithunzi cabwino cifukwa cokana kudikira kanthawi kocepa.

Palinso tinjira tina toyesa. Kansalu kouma kakakhudza malo onyowa kamamwa utoto, ndipo kuwala kumabwerera. Mcere wowazidwa pa utoto wonyowa umakoka madzi, nusiya timawanga tonga nyenyezi, ndipo umasasidwa pepala litauma. Munthu wanzeru amasunga kapepala kapadera koyeserapo, nalemba pambali mitundu imene wasakaniza. Posacedwa adzaona kuti utoto wa madzi ukauma umawala kuposa mmene unaliri uli wonyowa, motero adzaphunzira kuukoleretsa pang'ono.

Nyengo ya Lusaka nayo iri ndi mau pa nchito imeneyi. M'mwezi wa Okutobala pepala limauma msanga ndithu, ndipo pfumbi la m'komboni limamatirira pa utoto. Nthawi imeneyo nkwabwino kujambula m'mawa, pa mthunzi, kasamba kamodzi-kamodzi. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene madzi amaima m'njira za ku Kanyama, cinyezi cimacedwetsa kuuma, ndipo njira ya pepala lonyowa imakoma, koma yosanjikiza imafuna kupirira. Maluwa nawo sadikira munthu. La dzungu limatseguka mbandakuca nifota dzuwa likafika pamutu, ndipo la delele limakhala tsiku limodzi lokha. Wogwira nchito ya usiku, pa mgodi kapena pa fakitale, akamaweruka amawapeza ali pa ulemerero wao wonse.

Ena adzati zimenezi ndi masewera a ana. Koma Henry Tayali, amene anabadwira ku Serenje m'caka ca 1943 nakulira ku Bulawayo, anayamba ndi utoto wa madzi ali mnyamata. Pambuyo pace anaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda ndi ku Düsseldorf m'dziko la Germany, nabwera kudzagwira nchito pa Yunivesite ya Zambia. Anamwalira m'caka ca 1987, ndipo nyumba yoonetseramo zithunzi ya ku Showgrounds ku Lusaka inapatsidwa dzina lace. M'caka ca 1986 iye pamodzi ndi Cynthia Zukas ndi Bente Lorenz anayambitsa bungwe la Lechwe Trust lothandiza ojambula ndi osema a m'dziko muno. Nayenso Gabriel Ellison, mai wobadwira m'Lusaka m'caka ca 1930, ndiye anajambula mbendera imene inakwezedwa m'caka ca 1964, ndiponso masitampa ambiri a Zambia. Anamwalira m'caka ca 2017.

Si mwana aliyense adzafika pamene anafika amenewa. Komabe diso limene laphunzira kuwerenga timasamba ta duwa, ndi dzanja limene laphunzira kudikira pepala, zimathandiza telala posankha nsalu, wolemba zikwangwani za masitolo, ndi mphunzitsi wa m'kalasi. Pa koleji ya Evelyn Hone m'Lusaka pamaphunzitsidwa luso la zojambula, ndipo amene amalowa kumeneko anayambira pa kapepala kena kunyumba.

Cotero kholo limene lapeza mwana wace atagwada pa phando la dzungu ndi burashi m'manja lisamthamangitse ai. Limpatse citini ca madzi oyera ndi malo a pa mthunzi. Cithunzi coyamba cidzakhala matope, caciwiri cidzakwinyika, koma zisatayidwe. Zisungidwe m'bokosi ndi tsiku lace lolembedwa kumbuyo, ndipo mvula ya caka camawa ikadzagwa, maungu nacitanso maluwa, mwanayo adzaziyala pansi ndi kudzionera yekha pamene wafika.