Chipata Chatseguka, Nanga M'kalasi Muli Bwanji?



Pomwe Yunivesite ya Malawi inkatsegulidwa ku Chichiri mu 1965, ophunzira ake anali 90 okha. Lero masukulu aukachenjede aboma ali ku Zomba, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Thyolo, koma malo ndi ochepabe, n'chifukwa chake mkangano wa zaka zonsezi wakhala wa pachipata: alowe ndani? Kota, njira yogawa malo potengera kumene munthu akuchokera, inabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khoti n'kuikana mu 1993. Inabwereranso mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, mpaka boma linaithetsa mu 2020. Lamulo la 2012 linaletsa kusala munthu waulumali pa maphunziro. La 2013 linauza boma kuti pa ophunzira 100 aliwonse a m'masukulu aukachenjede, akazi kapena amuna asachepere 40.

Malamulo onsewo amamusiya mwana pachipata. Akalowa, nduna simuona, woweruza milandu samudziwa. Amene amakumana naye Lolemba m'mawa, choko chili m'manja, ndi mphunzitsi.

Koleji ya Montfort ku Nguludi yakhala ikusula aphunzitsi a ana osaona ndi osamva kwa zaka zambiri, ndipo ana amene aphunzitsiwo anawalera ndi awa afika kuno ku yunivesite. Wophunzira wosaona amawerenga ndi zala timadontho ta Braille, kapena kumvetsera pulogalamu ya pakompyuta ngati NVDA, yomwe ndi yaulere. Koma pulogalamuyo imawerenga zolembedwa ndi kompyuta. Mphunzitsi akajambula manotsi a pamanja ndi foni n'kuponya pa gulu la WhatsApp, anzake onse alandira phunziro, iye walandira chithunzi chosalankhula. Mphunzitsi wosamala amatumiza manotsi otaipa sabata isanayambe, amatchula mokweza zimene akulemba pabolodi m'malo mongoti "ichi kuphatikiza ichi", ndipo amapereka mafunso a mayeso nthawi yabwino kuti asindikizidwe mu Braille. Palibe chimodzi mwa izi chofuna thandizo la ndalama lochokera kunja.

Mwana wa khungu lachialubino, vuto lake si dzuwa lokha. Ambiri saona bwino patali, choncho mpando wa kutsogolo ndi pepala la zilembo zikuluzikulu ndiwo amasiyanitsa kukhoza ndi kulephera. Wosamva amayang'ana milomo ndi manja a womasulira. Mphunzitsi akamalankhula atafulatira kalasi, phunziro lamudutsa. Woyenda panjinga ya aulumali amangofuna kuti wokonza ndandanda ya makalasi akumbukire kuti chipinda chija chili pamwamba pa masitepe.

Palinso kusala kosaoneka ndi maso. Mnyamata wochokera ku sekondale ya CDSS ya kumudzi amafika mu labotale ya sayansi asanagwirepo maikulosikopu, chonsecho wakhala benchi imodzi ndi wa ku Kamuzu Academy. Akayankha funso, Chingerezi chake chimanunkhira Chiyao, Chisena kapena Chitumbuka, ndipo kalasi imaseka. Mphunzitsi akaseka nawo, mnyamatayo sakwezanso mkono mpaka chaka chitha. Akamuyankha mwaulemu n'kumuitana ku ofesi kukamuonetsa pomwe watsalira, kalasi yonse yaphunzira china. Komanso amene amayamba kuona kuti wophunzira wasiya kubwera chifukwa ngongole ya fizi yachedwa, kapena kuti akugona ndi njala, ndi mphunzitsi yemweyo woitana maina.

Nkhani ya atsikana ndiyofunika kuinena mosapsatira, ngakhale pamaso pa mafumu ndi makolo. Mphunzitsi wogulitsa malikisi ndi thupi la mwana wa mwini akuphwanya lamulo la 2013 lija, lomwe limaletsa nkhanza zoterezi. Amene amadziwa khalidwe la mnzakeyo n'kukhala chete mu ofesi, poopa kudana, wathandiza nawo kumubweza mtsikanayo kumudzi. Makomiti omva madandaulo amafunika aphunzitsi olimba mtima, amayi ndi abambo omwe, osati bokosi lokhoma la pakhonde lomwe kiyi wake sadziwika ali ndi yani.

Pulofesa Address Malata atasankhidwa kutsogolera yunivesite ya MUST mu 2016, atsikana a sayansi anaona kuti mpando umenewo ndi wawonso. A Overstone Kondowe atapambana chisankho ku Nkhotakota mu 2021, Nyumba ya Malamulo inalandira phungu woyamba wa khungu lachialubino. Onse awiri anadutsa m'manja mwa aphunzitsi.

Tsono pempho langa likupita kwa akuluakulu a yunivesite ino. Pokweza mphunzitsi pa udindo, chimene chimawerengedwa kwambiri ndi kafukufuku amene wasindikiza. Amene watha madzulo ake akutaipa manotsi a wophunzira wosaona, kapena kukhala mu komiti yomva dandaulo la mtsikana, alibe pomwe angalembe ntchitoyo pa fomu. Fomu imeneyo ikhale ndi malo ake, ndipo khonsolo ya yunivesite ikakumananso, nkhaniyi ikhale pa mndandanda wa zokambirana.