NTHENDA YA SICKLE CELL NDI CILEMBO CIMODZI

Ku Kapata ndi m'midzi yozungulira Chipata alipo mabanja amene mwana wao abadwa wamphamvu, nayamwa bwino, nakula miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi popanda cobvuta. Pambuyo pace manja ndi mapazi ayamba kutupa, maso acita cikasu, ndipo mwana alira usiku wonse cifukwa ca kuwawa kwa mafupa. Acibale athamangira kwa woombeza, ndipo kawiri-kawiri mlandu ugwera mai wa mwanayo kapena nkhalamba ya pamudzi. Nthenda imeneyi madokotala aicha sickle cell, ndipo gwero lace lidziwika bwino lomwe.

Thupi la munthu lamangidwa ndi tizipinda tating'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo. M'kati mwa selo muli buku la malangizo, dzina lace DNA, lolembedwa ndi zilembo zinai zokha: A, C, G ndi T. Tsamba limodzi la bukuli, lonena za kapangidwe ka cinthu cimodzi, alicha jini. Zinthu zimene masambawa alamula ndizo mapuloteni, amene agwira nchito zonse za m'thupi.

Anthu a ku migodi adziwa kuti buku lalikuru la mapulani silituruka mu ofesi. Kalaliki akopera pa kapepala tsamba lofunika tsiku limenelo, ndipo kapepalako ndiko kapita kwa amisiri. Selo licita cimodzi-modzi. Likopera jini pa kapepala kochedwa RNA, ndipo kapepalako kafika kwa amisiri a m'selo, maribosomu. Iwo awerenga zilembo zitatu-zitatu, ndipo zilembo zitatu ziri zonse ziwauza mkanda umene ayenera kutunga. Mikandayo, imene akatswiri aicha ma-amino acid, iripo ya mitundu 20. Cingwe cikatha kutungidwa cidzipinda cokha, ndipo puloteni yapangidwa. Selo silikopera buku lonse ai: la m'diso liwerenga masamba ace, la m'ciwindi liwerenganso ace.

Maselo ofiira a magazi, pamene akukhwima m'kati mwa mafupa, awerenga masamba a himogulobini, puloteni yonyamula mpweya wabwino kucokera ku mapapo. Cimodzi ca zingwe zace ciri ndi mikanda 146. M'caka ca 1957, Vernon Ingram wa ku Cambridge anaonetsa kuti mwa odwala sickle cell mkanda umodzi wokha ndiwo wasintha. Mkandawo ndi wacisanu ndi cimodzi pa cingwe, ndipo usintha cifukwa pamene payenera kulembedwa GAG palembedwa GTG. Amisiri salakwa, atunga cimene kapepala kanena. Koma himogulobini yotere ikatula mpweya imamatirana, ndipo selo lozungulira lipindika ngati zenga. Maselo opindika atseka timitsempha, ndiko kuwawa kuja. Ndiponso afa pa masiku 10 kapena 20, m'malo mwa masiku 120, ndiko kucepa kwa magazi.

Nanga bwanji mwana akhala bwino miyezi yoyamba? Cifukwa ali m'mimba thupi lace liwerenga tsamba lina, lopanga himogulobini ya ana osabadwa, imene sipinda maselo. Akabadwa tsamba limenelo litsekedwa pang'ono-pang'ono, ndi la akuru litsegulidwa. Mankhwala a hydroxyurea athandiza thupi kupanganso himogulobini ya ukhandayo, ndipo odwala ambiri apeza nao mpumulo.

Dziko la Zambia liri ndi mbali yace pa cidziwitso cimeneci. M'caka ca 1946 Dr. E. A. Beet, pogwira nchito ku Balovale, kumene tsopano kuchedwa Zambezi, anaona kuti anthu obadwa ndi cilembo cimeneci sapezeka kawiri-kawiri ndi tizirombo ta malungo m'magazi mwao. M'caka ca 1949 analongosola mmene cilemboco ciyendera m'mabanja. Munthu alandira mabuku awiri, lina kwa atate, lina kwa amai. Wolandira tsamba losintha kwa kholo limodzi lokha sadwala, ndipo malungo oopsa samgwira msanga. Nco cifukwa cace cilemboco cacuruka m'maiko a udzudzu. Adwala ndi iye amene walandira kwa makolo onse awiri. Pa banja lotere, pa mimba iri yonse, mpata wakuti mwana abadwe ndi nthendayo ndi umodzi pa inai.

Cotero mwamuna amene ali ku Kitwe kapena ku Mufulira, akalandira mau akuti mwana adwalanso ku Kapata, asaganize zakusiya mkazi, pakuti theka la malangizowo lacokera kwa iye mwini. Coyenera ndi kutengera mwanayo ku cipatala, monga Chipata Central Hospital, kuti magazi ace akapimidwe, ndi a makolo omwe. Mwana wopezeka nayo agone m'masikito, amwe madzi ambiri, apfunde bwino m'miyezi yozizira ya June ndi July, ndipo thupi likatentha apite naye kwa dokotala tsiku lomwelo. Ambiri osamalidwa motero akula, naphunzira, nagwira nchito monga anzao.