MTENGO USANDUKA BWANJI PEPALA?

Madzulo ano ndifuna kuti muyambe mwatenga zinthu ziwiri: nyuzipepala imene yakhala padzuwa masabata angapo, ndi thumba lapepala lofiirira longa lija la simenti. Nyuzipepala yacita cikasu, ndipo ing'ambika msanga. Koma thumba likali lolimba. Zonse ziwiri zinacokera ku mtengo. Nanga zisiyana bwanji?

Mtengo uli ndi timaluzi tating'onong'ono tosawerengeka, togwirizanitsidwa ndi cinthu conga ulimbo, cimene akatswiri amacicha lignin. Nchito yonse ya wopanga pepala ndiyo kulekanitsa timaluzi timeneti, ndipo njira zazikuru ziripo ziwiri.

Njira yoyamba ndiyo kupera. M'caka ca 1844 Friedrich Keller wa ku Germany anapanga makina okhuza cipika pa mwala wozungulira, madzi alikuthiridwa, monga umo amai aperera mawere pamphero. Cituruka ndi phala. Ubwino wace ndi wakuti mtengo sutayika: pa mapaundi 100 a mtengo, oposa 90 asanduka phala. Koma mwala udula timaluzi, ndipo ulimbo uja utsalira momwemo. Ndiwo ucita cikasu ukaona dzuwa. Pepala lotere liyenera nyuzipepala, imene tiiwerenga lero, mawa tikulungiramo usipa.

Njira yaciwiri ndiyo kuphika. Amai amene athira cidulo m'ndiwo kuti zifewe aidziwa kale nzeru yace. Mtengo uduliwa tizidutswa, ndipo tiphikidwa maora angapo m'mphika waukuru wacitsulo wotsekedwa ndithu, pamodzi ndi soda waukali ndi mankhwala a sulufule, pa kutentha kwa madigiri monga 170. Ulimbo usungunuka, timaluzi titsala tathunthu. Njira iyi anaipeza Carl Dahl ku Danzig m'caka ca 1879, ndipo ichedwa kraft, ndiko kunena mphamvu m'cinenero ca ku Germany. Paini apatsa timaluzi tatitali ta matumba olimba. Bulugamu apatsa tatifupi ta pepala losalala lolembapo.

Komatu mphamvu imeneyi siibwera yaulere. Monga theka la mtengo lisungunukira m'madzi ophikira, amene ada bii. Eni fakitale anzeru sawataya madziwo: awaumitsa nawatentha, napeza moto woyendetsa makina, ndi kubwezanso mankhwala ao. Ngakhale atero, fakitale imwa madzi ambiri, ndipo pfungo lace, longa la mazira obvunda, mulimva musanaione. Ine ndiganiza kuti amene ayamika pepala loyera ayenera kufunsanso kumene madzi otsukira apita.

Funso limeneli si lacilendo kwa ife. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 boma la Malawi linabzala paini pa mapiri a Viphya, mahekitala oposa 50,000, ndi cholinga ca kumanga fakitale ya phala la pepala ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Ndalama zofunika zinali zambiri, ndipo ena anaopa kuti madzi oipa adzaononga nsomba za m'nyanja imene madzi ace sasinthika msanga. Fakitaleyo siinamangidwe. Mitengo ya ku Chikangawa inakula, ina inacekedwa matabwa, yambiri inapsa ndi moto wolusa, ndipo ana athu alembabe m'makope a pepala logulidwa kunja.